Kuwamba Mbalule ku Mtakataka

Nthawi inali itangopitirira naini koloko m'mawa, koma dzuwa linali lisanaoneke. Mvula inali itagwa mpaka mbandakucha, n'kusiya mitambo yolemera ndi chinyezi chimene chinkamata malaya pamsana. Nyengo yotereyi ng'oma zimafooka. Chikopa chimamwa chinyezi, ukachimenya chimangoti bwe, ngati wamenya thumba la madeya.

A Zakeyo anatsika pa kabaza kuseri kwa holo imene munkachitikira ukwati, mbalule yawo ili kukhwapa. Mbalule ndiyo ng'oma yotsogolera, ija imayankhulana ndi mapazi a wovina, ndipo iwo anali ataiimba kuyambira ali mnyamata. Munda wawo wa mpunga ku Bwanje anausiyira mng'ono wawo kalekale. Chowadyetsa chinali ng'oma basi: maukwati, misonkhano, ndi ophunzira amene ankabwera kunyumba kwawo ku Golomoti. Anthu ankati a Zakeyo akhoza kuzindikira ng'oma yofooka ali tsidya lina la msika.

Zimenezo zinali zoona mpaka chaka chatha. Tsopano khutu lakumanzere linali litatsekeka, ndipo m'khutu lakumanja munkalira nyenje usana ndi usiku. Kuchipatala anawaunika ndi katochi, n'kuwauza mofatsa kuti zimenezi sizibwerera. Iwo anathokoza, nabwerera kunyumba osauza munthu aliyense. Anaphunzira kuyang'ana milomo ya anthu ndi kuseka anzawo akaseka. M'chilimwe zinkabisika, chifukwa ng'oma ukaiyanika padzuwa imakungika yokha, ndipo manja awo ankadziwa okha kopita. Lero ng'oma zinafunika moto, ndipo ng'oma pamoto imafuna khutu.

Gulu lawo linali litafika kale. Mayi Cecilia, amene ankatsogolera nyimbo ndi kuyendetsa gululo, anali pakhomo la holo kukonza mzere wa ovina. Rabson, woimba gunda, ng'oma yaikulu ija, anali atasonkha moto waudzu pafupi ndi khoma. Pambali pake panali Dorica, mayi wa ana awiri, wophunzira wa a Zakeyo amene ankaimba mpanje, ng'oma yothandizira mbalule.

"Afika eni ake!" anafuula Rabson. "Moto ndi uwu, achikulire. Udzu wouma ndachita kusolola padenga la apongozi anga, ndiye musauwononge."

Dorica anaseka, a Zakeyo nawonso anaseka. Anali atangomvapo mawu akuti apongozi.

Rabson ndi Dorica anali atawamba kale ng'oma zawo. Mbalule inali ndi lamulo lake: palibe wina aliyense woiyandikitsa kumoto kupatula mwini wake. Umailozetsa kumalawi, kuitembenuza, kuigogoda ndi chala, kumvetsera mawu ake akukwera pang'onopang'ono. Ukaichotsa msanga imatuluka yosasa mawu. Ukachedwa pang'ono chabe chikopa chimapsa. A Zakeyo ankawauza ophunzira awo kuti maso alibe ntchito pamenepa.

Ananjuta pamoto paja. Analozetsa chikopa kumalawi, nagogoda. Chala chinamva kugunda, khutu silinamve kanthu. Munthu wina anayatsa jenereta ya holoyo, ndipo kugwedezeka kwake kunasakanikirana ndi nyenje ija. Anagogodanso, atapendeketsa mutu kuti khutu lakumanja liyandikire. Panali kamawu kenakake kutali, ngati munthu akugogoda chitseko cha nyumba yachitatu, koma sakanatha kunena ngati kakwera kapena ayi.

Anaganiza zoichotsa. Kenako anaona m'maganizo holo yodzaza, mbalule ikulira bwe bwe, anthu akutembenuka kuyang'anana. Makolo a ophunzira awo ena anali momwemo. Anaiyandikitsanso kumoto. Pang'ono pokha. Anagogoda, namvetsera mpaka mitsempha ya m'khosi inauma.

Chimene chinawauza chinali mphuno. Fungo la ubweya wopsa linawalowa, ndipo nthawi yomweyo ng'omayo inadumpha m'manja mwawo. Chikopa chinali chitang'ambika kuchokera pakati mpaka m'mphepete, milomo ya ming'aluyo itapindika, yakuda.

Atatembenuka anapeza Dorica ataima kumanzere kwawo, pafupi kwambiri, dzanja lili m'mwamba ngati amafuna kuwagwira phewa koma anaopa. Rabson anali atasiya kuseka. Ovina onse anali akuyang'ana.

Mayi Cecilia anabwera mosafulumira. Anazungulira moto, naima kutsogolo kwawo kwenikweni, pamene a Zakeyo akanatha kuwaona pakamwa.

"A Zakeyo, mwanayu wakhala akukuwa kuti yakwana, yakwana. Ine ndamumva ndili pakhomo paja."

A Zakeyo anayang'ana ng'oma ija. Anafuna kunena kuti ndi jenereta, kuti chikopa chinali chakale. Asanatsegule pakamwa, mayi Cecilia anawafunsa.

"Zinayamba liti?"

"Chaka chatha."

"Makutu onse awiri?"

"Ili latha," anatero akuloza lakumanzere. "Ili likutsatira."

Rabson anavula chipewa, nachivalanso, posowa chochita nacho. Mitu ya ovina inatembenukira kumsewu nthawi imodzi, ndipo a Zakeyo anadziwa kuti magalimoto a akwati akuliza mahutala.

"Dorica," anatero mayi Cecilia, "mbalule yako yophunzirira ija wabwera nayo?"

"Ili m'thumba, amayi. Koma ine ayi. Aphunzitsi ali pompano ine n'kutsogolera? Anthu ati chiyani?"

"Anthu atinena kwambiri tikalowa opanda mbalule."

Dorica anayang'ana a Zakeyo. Iwo anaona kuti wophunzira wawoyo akuopa mofanana ndi iwowo, ndipo zimenezo zinawathandiza kuyankhula.

"Katenge. Rabson, iwe gwira mpanje. Gunda undipatse ine."

"Gunda, achikulire? Imeneyi ndi ya ife amitu youma."

"Ndipatse."

Dorica ananjuta pamoto, Rabson akuwonjezera udzu. Anatembenuza ng'oma, nagogoda, nakweza maso kwa aphunzitsi ake monga ankachitira nthawi zonse, kudikira kuti agwedeze mutu.

"Usayang'ane ine," anatero a Zakeyo. Mawuwo ayenera kuti anatuluka mokweza kwambiri, chifukwa Dorica anadzidzimuka. Anagogodanso kangapo, nkhope itakwinyika, kenako anaichotsa yekha n'kuimirira.

Muholo munali motentha ndi modzaza. A Zakeyo anapana gunda ndi miyendo, nakhala kumbuyo, malo amene anali asanakhalepo chikulireni. Gunda siyankhula zambiri. Ntchito yake ndi kugwira mayendedwe osasintha, kuti ena onse aponde pamenepo. Koma ikaphonya kamodzi, ovina amasokonekera mapazi pamaso pa anthu onse.

Mayi Cecilia anatsegula pakamwa, ovina anayankha, ndipo dzanja la Dorica linatsika. A Zakeyo analowa. Mawu a gunda sanawamve m'khutu, anawamva m'ntchafu ndi m'mimba. Maso awo anakakamira paphewa la Dorica. Ankaopa kuphethira, ankaopa kumeza malovu. Thukuta linkalowa m'maso koma analibe dzanja lopukutira.

Pa nyimbo yachiwiri, mayi wina wonenepa anabwera kudzafupa, naima pakati pa iwo ndi Dorica, akuvina ndi chitenje chake chotambasula. Phewa lija linasowa. A Zakeyo anasuzumira, koma sanalione. Manja ankamenyabe, koma sankadziwa ngati ali limodzi ndi anzawo kapena ali okha. Anayang'ana uku ndi uku. Pansi, chakumanja, anaona phazi la Rabson likuponda simenti mwamphamvu, bondo likukwera mopitirira muyeso ngati munthu wopopa madzi. A Zakeyo anazindikira kuti anali atatsalira pang'ono. Anadumpha kugunda kumodzi, nagwirana ndi phazilo, ndipo sanalisiyenso mpaka gule anatha.

Anthu anaimirira. A Zakeyo anaona milomo ikutseguka, manja akuwombedwa, amuna awiri kumbuyo akuloza kwa iwo n'kunong'onezana. Sakanadziwa ngati akuyamikira kapena akufunsana kuti mkulu uja watani kuti akhale pagunda. Amayi anazinga Dorica, wina namumanga chitenje m'chiuno.

Panja kunali kutayamba kuwaza. Mayi Cecilia anawapeza akumanga mbalule yopsa ija pa kabaza, naima kudzanja lawo lamanja.

"Ukwati wa ku Mua uja atsogolera Dorica," anatero mokweza. "Gunda ndi yanu, ngati mukuifuna."

"Nanga Rabson?"

"Wati mpanje ndi yopepuka kunyamula, wakhala akuisirira."

A Zakeyo anagwedeza mutu. Anafuna kufunsa ngati ophunzira adzabwerebe nkhaniyi ikamveka ku Golomoti, koma anadziwa kuti mayi Cecilia sakanawanamiza, ndipo sanafune kumva yankholo lero.

Anafika kunyumba chakumasana. Anasintha malaya, natenga beseni, n'kuviikamo chikopa chatsopano chimene chinali chopachikidwa pakhonde. Kenako anakhala pampando, mbalule ili pakati pa mawondo, nayamba kuzula zikhomo za chikopa chopsa chija chimodzichimodzi, akuziika m'mbale kuti zisatayike.