Mbaula Yachiwiri ya ba Petronella

Ba Kalumba ankawotcherera mageti m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga. Anali a mpingo wa Sabata, ndipo nyama ya nkhumba anali asanailawepo chibadwire. Masana ankadya kwa ba Petronella, mayi wa kalesitilanti ka malata kuseri kwa msika. Ndiwo zawo sizinkasintha: nsomba yokazinga ndi chibwabwa.

Tsiku lina madzi osamba m'manja atatha pakhomo, ba Kalumba anazungulira kukhitchini kukapempha ena. Anapeza ba Petronella akuvuula nthuli za nkhumba m'chiwaya, kenako n'kuponya nsomba m'mafuta omwewo.

"Ba Petronella, nsomba yamene nimadya imapita mu mafuta yamene aya?"

Odya onse anatembenuka. Luse, mng'ono wa ba Petronella amene ankawathandiza kuphika, ananong'oneza mkulu wake kuti anene kuti zangochitika lero lokha. Ba Kalumba anamva, ndipo anayembekezera bodzalo.

"Ni masiku yonse, ba Kalumba," anatero mayiyo akupukuta manja pachitenje. "Mbaula nili nayo imozi, pani imozi. Nenze kuziba kuti ndimwe ba Sabata, koma sininaganizepo. Nalakwa."

Dalaivala wina wa minibasi anaseka nsima ili m'kamwa. "Mwanenepela pamene apa, mudala, lelo ndiye yaipa?"

"Osaseka," anatero ba Petronella mosakweza mawu. "Aba banabwela kuno monikhulupilila."

Ba Kalumba anachoka osadya. Masiku otsatira ankangogula mabanzi ndi maheu pakantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, akadali okwiya. Komabe pogwira ntchito ankangokumbukira nkhope ya mayi uja. Mayiyo akanatha kukana, iwo n'kukhulupirira. M'malo mwake anavomera pamaso pa makasitomala ake onse.

Lachisanu m'mawa, ali chiweramire pa geti, anaona mapazi a munthu ataima pambali. Anakweza chigoba cha kumaso. Anali ba Petronella, atanyamula chiwaya chatsopano, pepala la kusitolo likadali pansi pake.

"Sininabwele kukunyengelelani," anatero. "Nifuna munipangile mbaula ya pani iyi. Izankhala ya nsomba na nkhuku chabe. Olo musabwelele, kuli benangu bamene sibakamba."

Ba Kalumba analandira chiwayacho, nachitembenuza, nayeza kukula kwake ndi chikhatho. Geti anaisiya pomwepo. Anasankha chitsulo chokhuthala chimene ankasungira ntchito ina, ndipo dzuwa lisanapendeke, Sabata lisanalowe, mbaula inali itatha. Chigwiriro cha chiwaya anachipaka penti yobiriwira kuti Luse asamasokoneze.

Lolemba ananyamula mbaulayo okha paphewa mpaka kumsika. Anabwera ndi anzawo awiri a kumpingo, akalipentala a mumsewu womwewo. Ba Petronella anasonkha makala pambaula yatsopanoyo, natsegula botolo latsopano la mafuta, onse akuona.

"Nsomba zitatu?" anafunsa.

"Zitatu," anayankha ba Kalumba, nakokera anzawo benchi.