Penti pa Mphika wa Felisbela

Baltazar Meque anagwada pakhonde la nyumba yake ku Munhava, nagwira tsamba la rozi ndi zala ziwiri. Tsambalo linathothoka lokha osalikoka. Linali tsamba lachisanu kugwa chiyambire Lamulungu, ndipo otsalawo anali atayamba chikasu.

Maluwa onse a pakhondepo anali a mkazi wake Felisbela, amene anali atatha miyezi inayi ku Maputo kwa mwana wawo Zulmira, akulandira chithandizo cha impso. Mayiyu ankabzala m'chilichonse chokhala ndi pakamwa: zitini za mafuta ophikira, teyala lodula pakati, bokosi lathabwa, beseni lapulasitiki lobowoka. Koma duwa lofiira lija analiika mumphika wadothi umene anachoka nawo kwa mayi ake ku Buzi tsiku lolowa m'banja.

Miyezi yoyamba, Felisbela akaimba foni ankangolongolola za maluwa. Mwathirira? Beseni lija mwalichotsa padzuwa? Baltazar ankanyinyirika pakamwa pokha, mtima uli myaa. Kenaka kulongolola kuja kunatha. Sabata zitatu zapitazo mayiyu ananena ndi mawu otopa, "Bambo a Zulmira, maluwawo akakuvutani mungowapatsa a Ermelinda. Musadzivute."

Munthu amene akuganiza zobwerera kwawo sagawa katundu. Baltazar anamva bwinobwino, ndipo anachita mantha.

Ndiye anaganiza zokonza pakhondepo, kuti mwiniwake akamva alakelake kudzaona. Mkuluyu anagwira ntchito yopenta sitima padoko la Beira zaka makumi atatu, ndipo m'mutu mwake dziko lonse linali chitsulo chodikira dzimbiri. Anapala zitini nazipaka kawiri. Bokosi analipaka mafuta, nalikweza panjerwa kuti lisamayamwe madzi a mvula. Beseni analikokera mumthunzi. Zonsezi anakhoza, tisamunamizire. Koma penti wabuluu atatsalako, maso ake anagwa pamphika wadothi uja, umene unali ndi mawanga oyera a mchere. Anaupaka katatu, mbali zonse ndi kunsi komwe, mpaka kabowo kotulukira madzi kanatsekeka.

"Aneba, mphikawo mwauchita chiyani?"

Anali Dona Ermelinda wa nyumba yoyandikana nayo, atatsamira pampanda, m'manja muli chitsulo chokandira kokonati.

"Ndaukonza," anayankha Baltazar. "Mchere umaudya."

"Umaudya! Zaka zonsezi uli pomwepo, unadyedwa pati?" Mayiyo analowa osaodira. "Dothi limapuma, bambo inu. Limatuluka thukuta ngati munthu. Inu mwaliveka jekete lapulasitiki, n'kumathira madzi m'mawa ndi madzulo. Mizu ikusambira m'menemo." Anapisa chala m'nthaka ya mumphikamo nachinunkhiza. "Tamvani fungoli. Yayamba kuwola. Safunsa adadya phula, aneba. Mpanda ndi womwewu, kungokuwa ndikanamva."

"Duwali lifa?" anafunsa Baltazar.

Ermelinda anatsegula pakamwa kuti apitirize, koma ataona nkhope ya mnzakeyo anatsitsa mawu. "Kaya. Palani pentiyo, mutsegule bowolo. Madzi musathirenso mpaka nthaka iume."

Chopalira chachitsulo chikanakumba dothilo, choncho Baltazar anatenga chigoba cha nkhono ndi mchenga wonyowa. Anapala masiku awiri, pang'onopang'ono, msana ukuwawa, ndipo paliponse pamene buluu wachoka pankaoneka dothi lofiirira, lakuda ndi chinyezi. Anamusowa mkazi wake. Anasowa kukhosomola kwake kwa m'mawa, phokoso la masilipasi ake pasimenti, ngakhale chipongwe chake chimene. Nyumba yopanda wokudzudzula imakula kwambiri.

Tsiku lachitatu masana foni inalira. Zulmira anayamba ndi chenjezo lake la masiku onse. "Ababa, nkhani zoipa ayi. Amayi afooka lero." Kenaka anapereka foni.

"Muli bwanji uko?" Mawu a Felisbela ankamveka ngati akuchokera pansi pa chitsime.

"Tilipo."

Za maluwa Felisbela sanafunse. Baltazar anayang'ana duwa lija. Akanatha kukhala chete monga mwana ananenera, kapena kunama kuti zonse zili bwino, mayiyo n'kuyankha kuti zikomo, n'kugona. Zikomo ameneyo ndi amene ankamuopa.

"Mayi a Zulmira, ndalakwa. Mphika wanu uja ndinaupaka penti."

"Uti?"

"Wa ku Buzi."

"Penti wanji?"

"Wa sitima. Wabuluu. Katatu."

Baltazar anayang'ana foni poganiza kuti yaduka. Kenaka kunamveka bedi likulira, munthu akudzuka kuti akhale tsonga.

"Baltazar! Mphika wa mayi anga? Mutu wanuwo ukuyenda bwino? Anakutumani ndani? Zulmira, tandisiya, ndikulankhula ndi bambo ako openta dothiwa! Duwa lili bwanji?"

"Latsala ndi masamba asanu ndi awiri."

"Asanu ndi awiri! Mayo ine. Tamverani. Musalithirire, musalisunthe, musaliyang'ane n'komwe. Manja anuwo muwaike m'thumba mpaka ndibwere. Mwamva?"

"Mwati mpaka liti?"

"Mpaka ndibwere, ndatero! Kodi ndi makutu omwe munapenta?"

Foni itaduka, Baltazar anakhala pansi pafupi ndi mphika wosendeka uja, napisa manja onse awiri m'matumba monga anauzidwa. Misozi inatsika mpaka m'ndevu, koma sanaipukute.