Phini ya Apongozi

Ulendo woyamba umene anandiyesa ntchito yophunzitsa ana pa intaneti, chithunzi changa chinauma ndili kukamwa yasa. Ndinali mkati mofotokozera mwana wa eni masamu ogawa, mayi oyang'anira aphunzitsi akuonerera pakona ya sikirini, basi zonse zii. Pamene netiweki imabwerera, mwanayo n'kuti akugubuduzika ndi phwete.

"Kuphunzitsa mumatha, zimenezo taziona," anatero mayiwo. "Koma sitingalembe munthu womangouma pa sikirini. Tikuyesaninso sabata yamawa. Zikakanikanso, ndiye mutikhululukire."

Ndinatseka laputopu n'kulira, sindikubisa ayi. Ntchito imeneyi ndinkaifuna ndi mtima wonse. Amuna anga amayendetsa thiraki, amatha milungu ali pamsewu, ndipo ine sindingachoke pakhomo tsiku lathunthu chifukwa ndimasamala apongozi anga, bambo awo, amene miyendo inayamba kuwavuta. Ntchito yogwirira pabalaza ndi yokhayo imene ikanandiyenera.

Apongoziwa kale anali okonza mawayilesi, ndipo mpaka lero sakhulupirira kuti pali chinthu chamagetsi chingawakanike. Pakolala ya malaya awo sipasowa phini. Amatokosera chilichonse: rimoti, tochi, loko wa kabati, nthawi zina ndi mano omwe.

M'mawa mwake ndinatsika kukagula sopo. Ife timakhala m'nyumba yosanja, ndipo pansi pathu penipeni pali mnyamata wometa tsitsi. Pakhomo pake ndinaona katoni yolembedwa ndi makala: WAYIFAYI YAULERE KWA MAKASITOMALA. Pabenchi anthu thothotho, ena akhala pamasitepe, onse mitu zyoli m'mafoni. Wina wadazi, wopanda ndi tsitsi lometa lomwe, akuonera mpira.

"Achimwene, mwalumikizitsa liti intaneti?" ndinafunsa.

"Aaa, alamu, ndi mwayi chabe," anayankha wometayo, makina ali m'mutu mwa munthu. "Imangotsika yokha." Analoza kudenga ndi chipeso, osadziwa kuti pamwamba pa denga lakelo ndi pabalaza panga.

Ndinakwera masitepe mtima ukuwira. Nditaima pakhonde n'kuyang'ana pawindo lathu, ndinaona zonse. Rauta yathu, kabokosi kobweretsa intaneti kaja, inali chiimire pawindo, mimba yake italoza kunja. Apongozi ndiwo anaiika pamenepo, ati wayilesi iliyonse imagwira bwino pawindo. Pamimbapo pali sitika yochokera ku fakitale, yolembedwa dzina la netiweki ndi pasiwedi yake, zilembo zooneka bwinobwino. Aliyense wodutsa amangojambula ndi foni n'kumapita. Ine kuuma pamaso pa bwana, anthu akuonera mpira ndi intaneti yanga!

Sindinadye n'komwe. Ndinakhala pa laputopu, kufufuza, mpaka ndinalowa m'kati mwa rauta momwe amasinthira zinthu. Ndinaika pasiwedi yatsopano yaitali, ndipo dzina la netiweki ndinalisintha kukhala PANO SI PANU. Ndiye muone liwiro lake! Vidiyo kungoikhudza, yatseguka. Ndinavina ndekha kukhitchini.

Chimwemwe chake sichinagone kawiri. Tsiku lotsatira masana, intaneti yayambanso kukwawa. Kuyang'ana, PANO SI PANU kulibe, kwabwerera dzina lakale la ku fakitale lija, ndi pasiwedi ya pasitika yomwe. Pansi anthu akukuwa chigoli. Ndinasinthanso. Kutacha, chimodzimodzi.

Apa ndiye ndinatsika chothamanga, chitenje chili m'manja.

"Iwe! Ukulowa bwanji mu rauta yanga?"

"Alamu, ine? Ine ngakhale foni yangayi amanditsegulira ndi ana," anatero wometa uja atakweza manja. "Ikasowa timangodikira. M'mawa imabwera yokha."

Ndinamutukwana ndithu, mawu ake sindingabwereze pano, koma m'maso mwake munkaoneka kuti sakunama. Ndinabwerera m'nyumba mutu utaima. Tsiku loyesedwa linali litayandikira, ndipo ndinayamba kuganiza zongowaimbira mayi aja kuti asavutike nane.

Chimene chinandipulumutsa ndi madzi. Mmawa wotsatira anasiya kutuluka ndili m'bafa, sopo ali m'khosi, ndiye ndinatuluka msanga kuposa masiku onse. Pabalaza ndinapeza apongozi ali pampando wawo, magalasi ali pamphuno, rauta ataigoneka chagada pamiyendo. Phini ija anali atailowetsa m'kabowo kakang'ono kakumbuyo, akukanikiza, lilime lili panja. Timagetsi ta rauta tinathima, kenako n'kuyamba kuphethira.

Kabowo kameneko ndinali nditawerenga za iko. Ukakanikiza m'menemo, rauta imaiwala zonse zimene waiuza n'kubwerera mmene inachokera ku fakitale.

Akanakhala munthu wina, bwenzi nyumba yonse itamva mawu anga. Koma apongozi suwakalipira. Ndinakoka kampando n'kukhala pansi pang'ono.

"Bambo, mukuikonza?"

"Ndikuitsuka mutu, mayi," anayankha monyadira. "Ndinakumvani mukulira tsiku lija. Ndiye ndimati ndikadzuka ndimayamba ndayesa pafoni yanga. Ikakana kulumikiza, ndimadziwa kuti kabokosika kadwalanso. Ndikangokabaya kamodzi, foni imalumikiza pompo. Onani." Anandionetsa foni yawo, nkhope ili ngwee. "Sindinafune kukuuzani. Ndimati mudzangoona zinthu zikuyenda."

Mkwiyo wonse unatheratu. Ine ndi nzeru zangazo ndinasintha pasiwedi osaiika m'foni mwawo. Foni ikawakanira, iwo ankayesa kuti intaneti yafa, ndipo ankadzuka ndi miyendo yowawayo kudzandikonzera mwakachetechete. Ndinaseka, misozi ikutsika, mpaka anadabwa.

Ndinawafotokozera pang'onopang'ono, kenako ndinabwezera rauta pawindo n'kuwagwira mkono kupita nawo pakhonde. Ndinawaonetsa sitika pawindo, ndi katoni ya wometa pansi paja. Anayang'anitsitsa zonse ziwiri.

"Ndiye kuti ine ndimawatsegulira chitseko m'mawa uliwonse?"

"Simunkadziwa, bambo."

"Wadazi uyonso?"

"Ameneyo ndiye sajomba."

"Zamanyazi!" Anamenya ndodo pansi. "Tiyeni m'nyumba. Lero aona."

Tinagwira ntchitoyo awiri. Pasiwedi anapeka ndi iwo, yaitali ngati sitima, yosakaniza mayina a tizipangizo ta m'mawayilesi akale, manambala ndi zizindikiro, yoti ngakhale mwana wawo sangailote. Ndinasinthanso pasiwedi ina yolowera m'kati mwa rauta, imene inali ikadali ya ku fakitale. Ndinathimitsa kabatani kolola foni kulumikiza popanda pasiwedi. Rauta tinaichotsa pawindo n'kuiika pamwamba pa kabati. Sitika anaimata okha ndi tepi yakuda, kabowo kajanso anakamata, kuwirikiza. Pomaliza ndinaika pasiwedi m'foni mwawo, ndipo italumikiza anagwedeza mutu ngati dokotala amene wodwala wake wadzuka.

Tsiku loyesedwa linafika. Ndinapachika nsalu yoyera kumbuyo kwa mpando wanga kuti ibise kabati ya mbale. Nthawi itangotsala pang'ono, ngodya imodzi ya nsaluyo inamasuka n'kugwa, mapoto onse poyera. Ndinaikweza, inagwanso. Ndinayamba kusakasaka chomangira.

"Khalani pansi, mayi," anatero apongozi. Anafika pang'onopang'ono, anachotsa phini pakolala, n'kuibaya pansalupo molimba. Kenako anakoka mpando wawo mpaka pakhonde, anatseka chitseko, n'kukhala panja ndodo ili pamiyendo.

Sikirini inatseguka. Mwana yemwe uja, ndi mayi oyang'anira pakona pawo. Mwanayo anali atakonzeka kale kuseka, ndinamuona. Ndinayamba ndi malalanje, kuwagawa kwa anthu, iye akuyankha, ine ndikufunsa. Chithunzi chili mbee, mawu akuyenda ngati tili chipinda chimodzi.

Tili mkati, ndinamva mapazi pamasitepe, kenako mawu a wometa kuseri kwa chitseko.

"Agogo, mwaswera bwanji? Kodi netiweki yavuta?"

"Kwanu yavuta. Kwathu ikuthamanga."

"Tangotithandizani kapasiwedi, makasitomala akudandaula."

"Amabwera kudzameta kapena kudzaonera mpira? Tsika, mwana wanga akugwira ntchito."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke pamaso pa bwana. Mawu akuti mwana wanga aja anandilowa mpaka m'mafupa, ndipo ndinaphunzitsa ngati sindinaphunzitsepo chibadwire. Mwana wa eni anapeza yekha yankho la samu yomaliza, anakuwa, n'kufunsa ngati mawa ndibwerenso.

"Mwamumva mwini wake," anatero mayi aja akumwetulira. "Mwalembedwa. Muyambe Lolemba."

Sindikumbuka ngati ndinatsanzika bwino. Ndinatsegula chitseko ndi mphamvu mpaka apongozi anadzidzimuka.

"Bambo, andilemba! Andilemba ntchito!"

Anaimirira osagwira ndodo, anthu inu, munthu wa miyendo yovuta uja. Anakweza manja onse awiri n'kufuula kuti nyumba yonse imve, mpaka wadazi anasuzumira pamasitepe. Ine nthungululu, osasamala za aliyense.

Titalowa m'nyumba ndinapita pansalu paja kuti ndichotse phini ndiwabwezere, chifukwa kolala yawo inkaoneka yamaliseche popanda iyo. Anandigwira dzanja.

"Isiyeni pomwepo, mayi," anatero. "Nayonso yalembedwa ntchito."