Mbali Yanga ya Bedi

Ana athu atatiuza kuti atipezera chipinda cha masiku atatu kunyanja yamchere, ndinawathokoza bwinobwino ngati mayi wolongosoka, koma mumtima ndinali ndi mantha. Tinali titakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu tili m'banja. Anthu akamva zaka zimenezi amaomba m'manja. Sadziwa kuti mutawerenga nthawi yokhayo imene ine ndi amuna anga takhala tili maso tonse awiri m'chipinda chimodzi, mwina sizingakwane n'zitatu zomwe.

Amuna anga ndi ophika buledi. Amalowa ntchito kubekale dzuwa likamalowa, n'kuweruka kukamacha. Ine ndimasita zovala pakampani yochapa, ndipo basi yoyamba imandipeza ndaima kale pasiteji. Ndikamakhoma chitseko, iwo amakhala ali m'njira. Akamafika pakhomo, ine ndapita. Madzulo timaonana mphindi zochepa, ine ndikuvula nsapato, iwo akumanga zawo. Ngakhale tsiku lawo lopuma silithandiza kanthu. Amagona usana wonse, usiku n'kukhala pabalaza ndi wailesi yotsitsa mawu. Ana ali aang'ono ankawatchula mwakabisira kuti a Kadzidzi. Ndinkawakalipira anawo, kenako n'kukasekera kukhitchini.

Banja lathu layenda ndi timapepala tosiyirana pansi pa chitini cha shuga. "Babu la kubafa lapsa." "Ndasintha." "Mwana watentha thupi, mumuone masana." "Wamwa mankhwala, wagona." Papepala amuna anga ndi munthu wabwino kwabasi, kalikonse amayankha. Kamodzi kokha ndi kamene sanayankhepo, ngakhale ndakalemba kambirimbiri: "Muzigona mbali yanu." Ine ndine munthu wa simbi, nsalu yoyera ndimailemekeza. Koma tsiku lililonse ndikaweruka ndimapeza pilo wanga atabonyoka pakati, akununkha ufa ndi yisiti, pamene wawo ali chiyalire ngati wa m'sitolo. Ndinalemba mwaulemu, ndinalemba mokalipa, ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu.

Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti mwezi wotsatira ankapuma ntchito. Maondo anali atatha, ndipo abwana awo anali atavomera. Ndiye kuti munthu uyu azidzakhala pakhomo usana ndi usiku, tizidzaonana maso ndi maso popanda chitini cha shuga pakati. Tizidzakambirana chiyani? Sindinauze munthu, koma ulendowu ndinautenga ngati mayeso. Ndinkati tikalephera masiku atatu okha, zaka zotsalazo zidzatikanika.

M'basi anagona njira yonse, chipewa chili kumaso.

Hotelo yake inali yaing'ono, ya nsanjika ziwiri. Chipinda chathu chinali pamwamba, chokhala ndi kakhonde koyang'ana kumadzi, makatani oyera, ndi fani ya kudenga imene inkalira pang'ono ikamazungulira. Pabedi anali atapindapo matawulo ngati mbalame ziwiri zogundanitsa milomo. Ndinawafunyulula nthawi yomweyo, chifukwa tawulo silipindidwa choncho. Ndinayang'ananso mashiti. Amene anasita anali pachangu, m'makona sanafikemo.

Madzulo amenewo amuna anga anatsitsimuka ngati duwa lothiriridwa. Anayamba kundifotokozera za uvuni watsopano wa kuntchito kwawo, koma ine maso anali atayamba kale kulemera. Ndikukumbuka akunena za batani lofiira. Zotsatira zake sindinazimve.

Kutacha ndinawapeza pakakhonde kaja atavala kale nsapato, maso ali psu. Bedi mbali yawo sanaikhudze n'komwe.

"Mwadzuka bwanji, abambo?"

"Ndadzuka, kaya inu amayi."

Tonse tinkadziwa kuti sanagone, koma moni ndi moni. Pachakudya cha m'mawa anatenga buledi, n'kumufinya ndi chala, n'kumununkhiza.

"Ameneyu anamuchotsa msanga," anatero.

Ndinadikira kuti mwina apitiriza. Anali atamaliza.

Titatsikira kumchenga, mayi wina wobwereketsa maambulera anatikhomera imodzi pafupi ndi madzi. Amuna anga anakhala pampando wansalu n'kunena kuti angowongola miyendo pang'ono. Sindinamalize n'kuvula masilipasi omwe, mkonono unali utayamba.

Ndinapita ndekha kumadzi. Ndinali ndisanaonepo nyanja yotere, yopanda tsidya. Funde linabwera n'kundinyowetsa mpaka m'maondo, ndipo pobwerera linandikokera mchenga pansi pa mapazi, moti ndinamva ngati dziko likundithawa. Ndinaseka ngati kamtsikana. Ndinatembenuka kuti ndiuze munthu, koma kumbuyo kwanga kunali anthu a eni okhaokha, awiriawiri, ena akupakana mafuta kumsana, ena akukangana za makiyi. Ngakhale okanganawo ndinawasirira.

Ndinayenda mtunda wautali m'mbali mwa madzi, ndikutola tizigoba topanda nato ntchito. Pobwerera mayi wa maambulera uja anandiitana kuti ndikhale pamthunzi wake.

"Kodi mwabwera nokha, amayi?"

"Ayi, amuna anga ndi awo."

Anayang'ana chipewa chili kumaso chija, n'kuyang'ana ine. "Akudwala?"

"Atopa."

"Amuna onse amatopa akafika kuno," anatero akuseka. "Anga anatopa mpaka kalekale, tsopano ndimangogona mopingasa bedi lonse."

Ndinaseka nawo, koma zinandilasa. Mayi wamasiye ndi ine tinkagona mofanana.

Tsiku lotsatira ndilo linali lenileni lokumbukira ukwati wathu. Mwana wathu wamkazi anali atakonza zonse patelefoni: boti m'mawa, nkhomaliro yapadera masana. Ndinavala diresi langa lobiriwira, limene ndinalisita ndekha kuntchito abwana atatuluka. Amuna anga anamwa makapu atatu a khofi motsatizana.

"Lero sindigona," anatero. "Muona."

Kunena zoona anayesetsa. M'boti ndinkawaona akudzitsina pantchafu, akutong'ola maso ngati munthu woopa kuphonya siteji. Woyendetsa boti akaloza chinthu, iwo ankagwedeza mutu mochedwa, chinthucho titachipitirira kale. Ndinawamvera chisoni, ndipo chisonicho chinandikwiyitsa. Mkazi safuna kuti mwamuna wake azichita kudzitsina kuti akhale naye.

Pankhomaliro anatikhazika patebulo la pawindo, pali maluwa. Tinadya mwakachetechete, mafoloko okha ndiwo ankalankhula. Ndinafunsa ngati nsomba yawakomera, anati yawakomera. Iwo anafunsa ngati yanga yandikomera, ndinati yandikomera. Nkhani inathera pomwepo. Kenako ndinaona operekera zakudya anayi akutuluka kukhitchini atanyamula keke yoyaka makandulo, akuimba ndi kuomba m'manja. Anthu a matebulo ena anatembenuka, ena anatulutsa mafoni. Nditayang'ana amuna anga, chibwano chinali pachifuwa, foloko ikadali m'manja.

Nyimbo inazilala pang'onopang'ono. Mtsikana amene ananyamula kekeyo anandiyang'ana, kusowa chochita.

"Ikani pomwepa, mwanangu," ndinatero. "Zikomo kwambiri."

Makandulo ndinazimitsa ndekha. Keke ndinadula ndekha, n'kugawira matebulo oyandikana nafe, ndikumwetulira mpaka masaya kuwawa. Foni inalira, anali mwana wathu.

"Amayi, keke yafika? Mwasangalala? Ndipatseni adadi."

"Yafika, ndi yokongola. Bambo ako apita kokasamba m'manja."

Nditadula foni ndinawagwedeza paphewa. Anadzidzimuka, n'kuona keke yodulidwa, makandulo ozima, ndi anthu akunamizira kuyang'ana kwina. Nkhope yawo inagwa.

"Pitani mukagone," ndinatero motsitsa mawu. "Pabedi, ngati munthu."

Anaimirira n'kupita. Ine ndinakhala pawindo paja mwina ola lathunthu, ndikuyang'ana madzi. Mayeso aja ndinaona kuti talephera. Ndinayamba kuganiza kuti akapuma ntchito, ine ndidzapempha maola owonjezera, ndipo Loweruka ndizidzapita kwa ana. Ndinali ndikukonza kale njira zothawira m'nyumba mwanga momwe.

Nditakwera kuchipinda ndinawapeza ali maso. Anali atakhala m'mphepete mwa bedi, manja ali pakati pa maondo. Ogwira ntchito anali atayala bedi mwatsopano, mbalame za matawulo zija zitabwereranso.

"Simunagone?"

"Tulo sitikubwera."

Apa ndiye zinandikwana.

"Sitikubwera? M'basi tulo tinabwera. Pamchenga tinabwera. Patebulo, pamaso pa anthu, keke ikuyaka, tinabwera. Koma pabedi pamene ana anu akupezerani, ayi. Kunyumba mumagona bwinobwino, mbali yanganso. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndikuchapa pilo wonunkha yisiti. Ndalemba timapepala tingati, abambo? Babu mumayankha, mpopi mumayankha. Kapepala kamodzi kokhudza ine, ayi."

Anayamba kusisita bondo. Ndinaganiza kuti ayankha monga mwa masiku onse, posayankha.

"Sindinkadziwa kalembedwe kake," anatero.

"Kalembedwe ka chiyani?"

"Mukamachoka mumayala bedi. Koma pansi pa bulangete, mbali yanu, pamakhala pakadali pofunda. Ndikatsika basi ndimafulumira kuti ndipapeze pasanazizire." Analoza maondo awo. "Maondowa atayamba kuvuta, masiku ena ndimapeza patazizira kale. Tsiku limenelo sindigona bwino."

Anadzutsa maso n'kundiyang'ana.

"Ndi pokhapo pamene ndimakupezani, amayi. Kwina konse mumakhala mwapita, kapena mwatopa."

Ndinaima pakati pa chipinda, kachikwama kakadali m'manja. Ndinakumbuka mmene ndinkakunthira pilo uja pakhonde ndikutukwana chamumtima, ndi mmene chaka china ndinamubisira m'kabati sabata yathunthu kuti aphunzire. Manyazi anandigwira.

"Mwezi wamawa," anapitiriza akuyang'ana pansi, "sindikudziwa kuti zidzakhala bwanji. Mukakhala pafupi ndimasowa pogwira. Ndimaopa kukusowetsani mtendere."

Sindinkadziwa kuti nawonso ankawerenga masiku ndi mantha omwewo. Ndinkafuna kunena mawu abwino, koma ife mawu abwino tinazolowera kuwalemba, ndipo m'chipindamo munalibe chitini cha shuga. Ndinangotseka makatani, n'kuchotsa mbalame zija, n'kuvula nsapato. Ndinalowa m'bulangete ndi diresi langa lobiriwira lomwelo, dzuwa likuswa mtengo panja.

"Bwerani mugone," ndinatero.

Anagona chagada kumphepete kwenikweni, manja ali pamimba, ngati mlendo amene wauzidwa kuti asadetse kanthu. Pakati pathu pakanatha kugona ana awiri. Tinayang'ana fani ikuzungulira. Ndinkamva kupuma kwawo, ndipo ndinadziwa kuti sakugona. Nawonso ankadziwa kuti sindikugona. Panja ana a eni ankakuwa m'madzi. Ndinaganiza zotambasula dzanja, koma dzanjalo linalemera ngati simbi ya makala.

Patapita nthawi ndithu ndinatopa nazo. Ndinadzuka n'kupita kubafa, ndinasamba kumaso, ndinamwa madzi, ndinadziyang'ana pagalasi. Diresi linali litakwinyika lonse. Sindinakhalitseko, mwina mphindi zisanu.

Pobwerera ndinapeza atasamukira mbali yanga. Anali atagona chammbali, atapinda miyendo, nkhope ili mu pilo wanga, dzanja limodzi lili pamene panali msana wanga. Anali m'tulo tofa nato. Nkhope yawo inali yomasuka mwa mtundu umene ndinali ndisanauonepo, ngati ya mnyamata amene anandifunsira uja.

Zinandipweteka, sindinama. Ndili pomwepo analephera kugona, nditachoka anagona. Zaka zonsezi amuna anga akhala pabanja ndi malo amene ndimasiya ndikadzuka, ndipo ine ndakhala pabanja ndi timapepala. Ndinaima pamenepo ndikulira mopanda phokoso, kuopa kuwadzutsa, monga ndakhala ndikuchitira moyo wanga wonse.

Ndikanatha kutsikira kumchenga, mayi wa maambulera akanandipatsa mpando. Ndinafika pogwira chitseko. Kenako ndinazungulira bedi, n'kukweza bulangete, n'kugona mbali yawo, pamene anali atangochokapo.

Panali pofunda. Sikunali kutentha kwambiri ayi, kunali kochepa, kongokwana msana ndi mapewa, ndi kafungo ka sopo wawo. Ndinagona phee kuti ndisakuwononge. Ichi ndicho chinali chakudya cha munthu uyu zaka makumi awiri ndi zisanu, ichi ndicho ankathamangira ndi maondo otha aja kuchokera pasiteji. Ndipo ine ndinkamulembera kuti asiye.

Tulo sitinandibwerere, ine masana sindigona. Ndinangomvetsera mafunde, fani, ndi mkonono umene kunyumba ndinkaudziwira kuseri kwa chitseko kokha. Malo aja anayamba kuzizira msanga kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinasendera pang'ono, kenako pang'ononso, mpaka chipumi changa chinagunda msana wawo.