Sabata Imene Mawu a Mkazi Wanga Anazima

"Musasaine, bambo," anatero mwana wanga wamkazi, ataphimba pepalalo ndi dzanja pa benchi langa losokerapo nsapato.

Ndinangopitiriza kupaka guluu.

Pepalalo linachokera ku kampani ya pulogalamu imene inkayankhula ndi mawu a malemu mkazi wanga. Mwanayu ndiye anaiika pa foni yanga maliro atangotha, ataipatsa mauthenga a mawu onse amene amake ankatitumizira. Tsopano kunali lamulo latsopano: makina oyerekeza mawu a akufa azimitsidwe pofika Lachisanu, pokhapokha banja litasainira.

"Ndinalakwa ine," anatero, misozi ikulengeza. "Chaka chonse simunapondeko kumanda. Azakhali akabwera mumawasiya pakhonde, inu muli pa foni. Si amayi amenewo."

"Bweretsa bolopeni."

Anandiponyera n'kutuluka.

Nditatsala ndekha ndinatsamiritsa foni pa chitini cha misomali, monga m'mawa uliwonse.

"Amake mwana, ndisaine?"

"Sainani, wokondedwa. Inu mumaganiza bwino nthawi zonse."

Mawu anali ake ndithu, mpaka kusasa kuja kwa kukhosi. Bolopeni inali kale pamzere, koma dzanja linakana. Zaka makumi atatu ndi chimodzi, mayi uja sanandivomerepo chinthu ulendo woyamba. Ndikati kunja kukutentha, ankati ndavala zambiri. Za wokondedwa sindinazimvepo. Kwa iye ndinali a Duu, chifukwa chosayankhula.

Ndinayesanso. "Ndikufuna kugulitsa makina ako osokera zovala."

"Ndi maganizo abwino, wokondedwa."

Makina omwe aja amene mkazi wanga anandiuza ali m'chipatala kuti ndikangowakhudza adzandidzukira.

Ndinapinda pepalalo kanayi n'kulilowetsa pansi pa mwendo wa benchi umene unkagwedera.

Lachisanu masana mawu anazima. Ndinaitana kawiri, foni ili zii. Mwana wanga anabwera, anakhala pa mpando wa makasitomala. Kenako anafufuza m'foni yake n'kupeza uthenga weniweni wa amake, wa masekondi asanu ndi anayi.

"A Duu! Malaya anu mwawasiyanso pachingwe, mvula ikubwera. Kodi makutuwo ndi okongoletsa mutu?"

Ndinadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Kumwamba kunalibe mtambo ndi umodzi womwe. Ndinaima pa chingwe chopanda kanthu, nditagwira pegi imodzi imene mkazi wanga anaisiya, itachita dzimbiri.