Araki Wosowa mu Mbiya ya Tanios

Mlamu wanga Tanios amatcheza araki, kachasu wa mphesa, wokoma kuposa aliyense kuno ku Zahle, koma adokotala adamuletsa kumwa. Chiwindi chidatha. Mchemwali wanga Najat, mkazi wake, adanena poyera kuti akadzangolawanso, mphika wotchezera uja, womwe udali wa malemu bambo ake a Tanios, adzaugulitsa kwa ogula zitsulo. Najat sanena zocheza.

Chaka chino mphesa zidachita bwino. Tanios adathira malita makumi asanu ndi awiri a mowa waukali m'mbiya, nawonjeza madzi malita makumi atatu kuti ufewe. Lamlungu tikudya kibe, chakudya cha nyama yosinja ndi tirigu, kwawoko, Najat adakaviika ndodo yoyezera m'mbiyamo, nabwera nkhope ili gwa.

"Inu bambo a Mirna, makumi asanu ndi awiri kuphatikiza makumi atatu ndi zingati?"

"Zana," adayankha Tanios, maso ali m'mbale.

"Ndiye mbiya yanuyo yayamba kumwa yokha?"

Mwana wawo Mirna, amene amaphunzitsa sayansi ku Beirut, adaseka. Mtsikanayu bambo ake amawakonda mopanda manyazi.

"Amayi, musawanamizire bambo. Mowa ndi madzi sizitsata masamu a kumsika. Zikasakanikirana zimathinana, ngati mpunga ukalowa m'mipata ya nyemba. Madzi ali pakati pa mowa amatenga malo ochepa kusiyana ndi ali okha. Zana silingakwane."

"Wamva, mayi iwe?" adatero Tanios, mapewa atakwera. "Sayansi imeneyo!"

"Chabwino," adatero Najat. "Tiuze zosowazo ziyenera kukhala zingati."

Apa mpamene Tanios akadakhosomola kapena kugwetsa mbale kuti nkhaniyo isokonekere, koma munthu adangopitiriza kudya. Mirna adafunsa ukali wa mowawo, natsegula foni kuyang'ana malo omwe madzi ndi mowa zimatenga pa msakanizo wotere. Adachulukitsa uku, kuchulukitsa uko, kenaka n'kuphatikiza. Ankamwetulira ngati loya woti mlandu wawina kale.

"Lita imodzi ndi theka. Mwaona? Zasowa zingati, amayi?"

"Malita atatu."

Ine ndidamva chisoni, osati ndi Tanios, koma ndi mwanayo.

"Tawerengeranso, mwanangu," adatero Tanios motsitsa mawu. "Mwina dothi la mbiya layamwako."

"Pa masiku ochepa chonchi silingayamwe zochuluka choncho," adayankha Mirna.

"Nanga kuzizira?"

Mirna adawerengeranso ndithu, kufunafuna pomwe walakwitsa. Sadapapeze. Adaika foni patebulo chafufumimba.

"Bambo, ndayesetsa. Lita ndi theka inayo ilibe kolowera."

Najat sadakalipe. Adangodzuka n'kuyamba kutolera mbale. Tanios adayang'ana mwana wake, amene misozi inali itayamba kutsika, kenaka adatembenukira kwa ine.

"Alamu, mawa mubwere ndi galimoto yanu. Mphikawo ndi wolemera, ndekha sindinganyamule."