Sajeni Mkamwini

Nkhani ya maudindo anaiyambitsa ndi Rodrick mwini. Gulu lawo la chitetezo cha m'mudzi, kwa Mlonyeni kuno, linali la anthu ongodzipereka. Malipiro analibe, mfuti analibe. Anali ndi mavesiti owala, zibonga ndi mawezulo basi. Ntchito yawo inali kuthandiza apolisi, paja malire a Zambia ali pafupi, mbuzi ikasowa m'mawa masana imakhala ikudya msipu wa dziko lina. Vuto linali lakuti akagwira munthu aliyense ankasanduka bwana. Uyu akuti mangani, uyo akuti masulani, winayo akuti timuthidzimule kaye. Rodrick anagwirapo ulonda pa kampani ina ku Lilongwe n'kuphunzirako perete, ndiye chipwirikiti chimenechi chinkamunyansa.

Loweruka lina masana, gululo litakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, iye anaimirira n'kuvula chipewa.

"Atambala awiri salira m'khola limodzi," anatero. "Tikhale ndi sajeni, tikhale ndi makopolo. Sajeni akalankhula, kopolo azichita. Pa ntchito tiziitanana ndi maudindo, osati malume, osati alamu."

A Kefasi, wapampando wa gululo amenenso anali mkulu wa mpingo, anakanda imvi zawo. "Ndiye ineyo muzindiitana kuti chiyani? Ndikhale kopolo wa mwana amene ndinamuona akudzafunsira mbeta?"

"Inu mukhala sajeni meja, bambo. Pamwamba pa tonse."

Mawu oti meja anawakomera a Kefasi, moti anayamba kukhala mowongoka. Zitatero mkangano unabuka. Wina anati ayenera ukopolo chifukwa ali ndi magambuti. Wina anafunsa ngati munthu wobatizidwa angamenyere sawatcha munthu amene anadulidwa mu mpingo. Amayi anafunsa ngati udindo wa mwamuna umafikanso kwa mkazi wake. Dzuwa linapendeka anthu akuluakulu akulimbirana mayina opanda ndi khobidi lomwe, ndipo ankatuluka thukuta ngati akugawana munda.

Munthu mmodzi yekha anali asanalankhule. Mayi Anasi anakhala chakumbali, atapereka msana kumene kunali Rodrick. Anali apongozi ake, amayi a mkazi wake Veronika, agogo a mwana wake Yankho, ndipo Rodrick ankakhala pachikamwini pakhomo pawo. Nyumba imene ankagona anaimanga pa malo awo, ndipo munda umene ankalima fodya unali wawo. Chikwatirireni pamudzipo anali asanawayang'anepo m'maso. Akawaona akubwera m'njira ankapatukira patchire, ngakhale mutakhala chitedze. Nawonso anali asanamulankhulepo mwachindunji. Sikuti ankadana ayi. Umenewo ndiwo unali ulemu, ndipo onse awiri ankaunyadira.

"A Kefasi," anatero mayi Anasi, maso ali pansi, "tawafunsani bambo a Yankho. Iwowo akakhala sajeni, ine n'kukhala kopolo, ndiye kuti azindiitana pagulu?"

Rodrick anayang'ana a Kefasi. "Auzeni amayi kuti tikavala vesiti palibe mpongozi, palibe mkamwini. Pali ntchito basi."

Wina anatsokomola.

"Auzeni," anatero mayi Anasi mosakweza mawu, "kuti vesitiyi madzulo timaivula n'kuipachika pamsomali. Ulemu nawonso tiziupachika pomwepo? Mkamwini asamakule mwendo."

Anthu anaseka, ndipo Rodrick anamva nkhope ikutentha. A Kefasi, pofuna kuti aliyense apite kwawo wokondwa, anagamula motere. Rodrick akhale sajeni, popeza ndiye amadziwa perete komanso ndiye anali ndi nambala ya apolisi m'foni mwake. Mayi Anasi akhale kopolo wosunga kiyi wa kanyumba ka feteleza ka kalabu ya alimi, m'mene ankatsekera anthu ogwidwa podikira apolisi. Koma lamulo lililonse la sajeni lopita kwa kopolo ameneyu lizidzera mwa sajeni meja. Onse anaomba m'manja. Kunena zoona, Rodrick naye mtima unakhala pansi, chifukwa mawu aja anawalankhula pakamwa chabe. Kuitana apongozi ake ndi dzina sakanatha.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachitatu la sabata yotsatira, amayi opita kudimba anapeza mtembo wa mnyamata wa kabaza m'dambo, njinga yake yamoto palibe. Dzuwa lisanafike pamutu, anthu anagwira Mayeso, tenanti wa pa esiteti ya fodya yoyandikana ndi mudziwo, atavala chipewa cha njinga yamoto cha malemuyo. Mayeso anali wochokera ku Phalombe, munthu wopanda mbale kuno kupatula mkazi wake. Ankalumbira kuti chipewacho anachitola m'njira popita kokadula mitengo ya chigafa. Mwina ankanena zoona, mwina ayi. Chimene Rodrick ankadziwa n'chakuti wakupha munthu savala chipewa cha amene wamuphayo n'kumayenda nacho masana.

Rodrick anamulanditsa m'manja mwa anthu milomo itatupa kale, n'kumulowetsa m'kanyumba kaja. "Khala phee," anamuuza. "Apolisi akubwera. Ukanena kumeneko." Kenako anapatuka, mayi Anasi anabwera n'kutseka loko, kiyi n'kumangirira pa nsonga ya chitenje chawo. A Kefasi anatenga amuna ena onse kupita kudambo kukalondera mtembo. Ponyamuka anawauza mayi Anasi kuti asatsegulire munthu aliyense mpaka iwo atabwera.

Sipanapite nthawi, foni ya Rodrick inalira. Anali wapolisi. Anati anyamata a kabaza a ku Boma amva za mnzawo ndipo anyamuka chigulu, ena atanyamula zigubu za petulo. Galimoto ya apolisi inali m'njira, koma njinga zinali patsogolo. "Mutulutseni munthuyo pompano," anatero wapolisiyo. "Mudzere naye kuminda, mukamulowetse pa geti ya esiteti. Kumeneko kuli mpanda ndi alonda."

Rodrick anaimbira a Kefasi. Foni inalirira m'golosale ya pafupi pomwepo, m'mene anaisiya pa chaji.

Mayi Anasi anali pakhonde la kanyumbako, atakhala chotambalala pafupi ndi chitseko, akuswa mtedza m'lichero. Rodrick anafika pa chigafa chimene chinali moyang'anizana ndi khondelo n'kuima. Kuchokera pamenepo kufika pa khonde, ngakhale nkhalamba ikanaponya mwala n'kupitirira. Anatsokomola. Anatsokomolanso. Mayi Anasi anakokera mpango kumaso n'kutembenukira kukhoma, monga anayenera kuchitira.

Mwamwayi kunatulukira Consolata, mmodzi wa amayi a m'gululo, atasenza ndowa. Rodrick anamukodola. "Achemwali, kawauzeni amayi atsegule. Akabaza akubwera ndi petulo. Apolisi akuti timuthawitse."

Consolata anatula ndowa, anapita, anagwada, ananong'ona, n'kubwerako. "Akuti a meja anati asatsegulire aliyense. Akuti mawu anu amadzera mwa a Kefasi, tinagwirizana tonse."

"A Kefasi ali kudambo. Kawauzeni kuti ndi apolisi anena."

Anapitanso, anagwadanso. "Akuti akatsegula munthu n'kuthawira ku Zambia, mlandu ukhala wa ndani? Akuti tumani munthu kwa a Kefasi, iwo sakukana."

Ndipo sankakanadi. Mayi Anasi sanali munthu woipa mtima. M'mawa womwewo anali atamupatsira Mayeso madzi akumwa pawindo. Ankangosunga zimene anapangana, ndipo ankazisunga bwino kuposa onse. Chimene chimapweteka pa nkhaniyi n'chimenecho. Moyo wa munthu unkayenda uku ndi uku pakamwa pa Consolata, ndipo ulendo uliwonse Consolata ankayamba wagwada kaye.

Rodrick anamutuma kudambo, ngakhale ankadziwa kuti n'kutali. Atatsala yekha anayang'ana loko uja. Akanatha kumuswa ndi mwala, koma ndiye kuti akaime pakhonde, miyendo yake kukhudzana ndi ya apongozi. Kiyi anali pa chitenje chawo, ndipo dzanja la mkamwini silifika pamenepo ngakhale kumaloto. Anaganiza za Veronika, za mwana wawo Yankho, za fodya amene anali atangoyamba kufiira m'chigafa. Mkamwini wolalatira apongozi pagulu amamangiridwa katundu tsiku lomwelo, ndipo kwawo kwa mfumu Zulu munda anagawana kale abale ake. Anachita mantha, ndipo manthawo anawatcha ulemu.

Anazungulira kuseri kwa kanyumbako, kumene apongozi sakanamuona. Windo linali la zitsulo. Mayeso anasuzumira, diso limodzi litatsekeka ndi kutupa.

"Bwana sajeni, kwagwanji?"

"Palibe. Sendera uko."

Anatola khasu la winawake n'kuyamba kugumula khoma. Njerwa zinali zowotcha, zomangira simenti, paja alimi anamanga kuti mbala zisabe feteleza. Khasu linkangodumpha. Anakhapa mpaka mpini unathyoka, khoma litangokalika pang'ono. Ali chiimire ndi chidutswa cha mpini m'manja, anamva kulira kwa njinga chakumsewu waukulu. Sizinali ziwiri kapena zitatu.

"Bwana," anatero Mayeso chapansipansi, "amenewo si apolisi."

Apa m'pamene Rodrick anathamangira kumaso. Anakwera pakhonde, anaponda lichero, mtedza n'kumwazika. Anawayang'ana apongozi ake m'maso koyamba, ndipo anaona kuti ndi mayi wokalamba, wamantha ngati iye yemwe.

"Kopolo Anasi, kiyi! Tsegulani chitseko!"

Mayi Anasi anayang'ana kumsewu. Nawonso anali atamva njinga zija. Sanatsutse. Anagwira nsonga ya chitenje n'kuyamba kumasula, koma mfundo anaimanga yolimba, ya munthu wosafuna kutaya chinthu cha gulu. Anayesa ndi mano. Rodrick anagwada n'kugwira chitenjecho, onse awiri akulimbana ndi mfundo imodzi, mitu itagundana. Kiyi anamasuka njinga yoyamba ikulowa pabwalo la tchalitchi.

Kuthawa kunali kutatha. Rodrick anaponya kiyi uja padenga n'kuima pachitseko, manja atatambasula. Anaimba wezulo. Anawauza kuti iye ndi sajeni wa chitetezo, kuti apolisi ali m'njira, kuti munthuyo sanaweruzidwe. Anyamatawo anali ndi maso ofiira ndi kulira, ndipo mawu oti sajeni kwa iwo sanali kanthu. Wina anamumenya ndi chitsulo paphewa, wina anamukankhira pansi. Loko amene iye anamuopa nthawi yonse ija anathyoka ndi nyundo kamodzi kokha.

Anyamatawo anamukokera Mayeso kumsewu. Zimene anachita kumeneko sizofunika kuzifotokoza. Utsi unaoneka mpaka kudambo, ndipo a Kefasi anafika akuthamanga, vesiti ili m'manja. Galimoto ya apolisi inafika njinga zitabalalika kale. Wapolisi uja anafunsa chifukwa chimene munthuyo sanatulutsidwe pamene panali nthawi yokwanira. Mayi Anasi anali atakhala pansi pakati pa mtedza womwazika, atafunda chitenje kumutu, akulira mosatulutsa mawu.

Rodrick anachoka pagulupo n'kukakhala kuseri kwa kanyumba kaja, pafupi ndi khoma limene analikanda. Phewa linkawawa koma sankalimva. Kuseriko kunali njira ya kuminda, yomwe ija akanadzera. Ankaiyang'ana mpaka pamene inakhotera m'chimanga, ndipo denga la geti ya esiteti linkaoneka bwinobwino.

M'njira momwemo munatulukira mayi wachitsikana, mwana ali kumsana, akuyenda mofulumira. Anali Stelia, mkazi wa Mayeso. Uthenga unamupeza mochedwa kumunda wa esiteti, ndipo unali woti mwamuna wake wagwidwa, akupita naye kupolisi. Podzera kuminda sanaone za kumsewu. Ataona vesiti ya Rodrick anagwada chapatali, n'kutulutsa jekete yakuda yong'ambika pachigongono imene anaipinda bwino.

"Pepani bambo," anatero, akupuma mwabefu. "Galimoto yanyamuka kale? Ndimati ndiwapatsire iyi. Akuti m'selo mumazizira, ndiye iwowa ali ndi chifuwa."